Nkhope Imene Nachisale Anaumba

Kachipangizoko kanali kochepa ngati nyemba, koma Dokotala Chikaonda atangokamata kuseri kwa khutu la Nachisale, mdima wa zaka makumi awiri unang'ambika. Makoma a chipatala anaonekera, kenako zenera, kenako phiri la Dedza.

Anthu a m'chaka cha 2094 ankakatcha Kaumbi. Sikankachiza maso ayi. Kankangomvetsera mawu ndi kuyeza kutalika kwa zinthu, n'kutumiza zonsezo ku ubongo. Chithunzicho ubongo unkaumba wokha, ndi dothi lomwe unali nalo kale.

Koma Nachisale, mmisiri woumba mbiya, sanadzere phiri. Mwana wake mmodzi yekhayo, Tiyanjane, ankanyamuka mawa lake kukakumba madzi ku Mwezi kwa zaka khumi, ndipo mayiyu analumbira kuti mwanayo sachoka asanamuone nkhope.

"Amayi, ndili pano," anatero Tiyanjane.

Nachisale anacheuka. Mawu anali a munthu wamkulu, koma pamwamba pa thupi lalitalilo panali nkhope ya kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, kogweluka mano.

"Adokotala, makina anuwa ngabodza."

"Sakunama, mayi. Mukuona zomwe mutu wanu unasunga. Ngakhale ife openyafe timaumba chomwecho, kungoti sitidziwa. Ambiri amakhutira nazo."

"Ambiriwo si ine. Iwe Tiyanjane, tagwada apa."

Nachisale sanali munthu wogula mbiya osaigogoda. Chithereni msinkhu mwanayo anali asanamugwirepo kumaso, poti kwathu kuno mwana wamkulu sasisitidwa ngati khanda. Tsikulo manyazi anawaika pambali. Zala zinayenda pachipumi n'kupeza makwinya awiri, zinatsika n'kupeza chipsera pachibwano chomwe palibe anamuuzapo. Akangochotsa manja, kamtsikana kaja kankabwerera. Iye ankayambiranso. Ulendo wachisanu ndi chiwiri nkhope inakhazikika: mayi wamasaya olowa, wamaso otopa koma olimba mtima.

"Kodi unakula chonchi, mwanawe?" Misozi inangoti mbwe.

Atabwerera kunyumba anatsinzina kuti aonenso kamtsikana kogweluka mano kaja, komwe kanamuperekeza mumdima zaka zonsezo. Sikanabwere. Anayesa sabata yathunthu, Tiyanjane ali kale kumwamba, koma ayi ndithu. Ngakhale adokotala sankadziwa kuti Kaumbi amachita zimenezi.

Zinamupweteka, koma sanadandaule kwa munthu. Woumba aliyense amadziwa kuti dothi ukaliumba mtsuko, kamphika kakale kaja sukapezanso.