Chithunzi cha Kabwana, Mawu a Chete

"Mwezi ukatha, Chete apita kwa achemwali anga," anatero bambo a Kabwana, maso ali m'kapu ya tiyi. "Akawathandiza kulera khanda. Za sukuluzi zamukanika."

Telala, amene ankapaka batala pa buledi wa ana, anaimitsa mpeni.

"Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akalere khanda? Mwagwirizana ndi ndani zimenezo?"

"Wagwirizana ndi ine," anayankha apongozi ake ali pampando wawo wa pakona. "Ukufuna tizingodyetsa mutu wouma? Makina a kusukulu sanama. Wanena kuti mwana wakoyu ndi wotsalira ndi ine kodi?"

Telala analowa m'banjali ndi mwana wake mmodzi, kamtsikana kosalankhulalankhula kamene anthu anakapatsa dzina loti Chete. Mwamunayo anali namfedwa, nayenso ali ndi wake, mnyamata wa msinkhu womwewo amene agogo ake ankamutcha Kabwana. Agogowo anabwera kudzathandiza kwa masabata awiri, ndipo tsopano chinali chaka chachitatu, masabata awiriwo asanathe.

Anawo anali kalasi imodzi, ndipo sukulu inawabwereka tabuleti imodzi. Mwana aliyense ankadina chithunzi chake, pulogalamu n'kumupatsa ntchito yolingana ndi nzeru zake. Akakhoza inkamukweza, akalakwa inkamubweza pambuyo kuti ayambe wamvetsa. Kabwana anali atakwera mpaka kufika pa nkhani zitalizitali ndi masamu ogawa. Chete anali atatsetsereka mpaka pa ntchito ya ana a mkaka: kuwerenga abakha atatu ojambulidwa padziwe.

Telala atawaona koyamba abakhawo, magazi anamuwira. Anamukoka khutu mwanayo n'kumuuza kuti akumuchititsa manyazi m'nyumba ya eni. Chete anangogwetsa misozi.

M'mawa umene bambo a Kabwana ananena za khanda, Telala sanatsegule shopu yake yosokera. Analunjika kusukulu kukapempha kuti mwina amuthandize mwanayo mwapadera asanamuchotse.

Aphunzitsi, mayi wamagalasi wa choko m'zala, anamulandira ngati ankamudikirira.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Kalata ndinatumiza kawiri, sinakufikeni?"

"Kalata yanji?"

"Ndinapatsira bambo awo." Aphunzitsiwo anamuyang'ana kanthawi, kenako anakoka mpando. "Khalani. Ana ndili nawo ambiri, ndiye ndinachedwa kuzindikira, ndipepese. Makina akuti Kabwana ndi katswiri. Koma ndikamuimika kuti awerenge, amangoloza zilembo, thukuta lili kamukamu. Makina akuti Chete sadziwa kuwerenga mpaka khumi. Koma ndikalemba samu pabolodi, amamaliza ine ndisanaike choko pansi."

"Ndiye kuti makinawo ndi owonongeka?"

"Ali bwinobwino. Amakhulupirira aliyense amene wadina chithunzi. Koma pa ntchito yowerenga mokweza amajambula mawu, kuti ife tizimva pamene mwana akupunthwa. Tamverani. Apa ndi pa chithunzi cha Kabwana."

Anadina kompyuta. M'chipindamo munamveka mawu aang'ono, osalala, akuwerenga nkhani ya sitima yapamadzi. Telala sanafunikire womuuza. Mawuwo anawamva koyamba kuchipatala tsiku limene anabereka.

Kenako kunamveka mawu ena, okhuthala, a apongozi ake, chapatali pang'ono: "Fulumira iwe, mbale zikukudikira. Ukalakwitsa dala ngati dzulo, uona. Umadya za mwini nyumba, uzigwira ntchito."

Telala anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Pa chithunzi cha Chete palibe mawu a mwana," anapitiriza aphunzitsi. "Pamangomveka munthu wamkulu akutafuna chinachake, uku akudina mayankho mwachisawawa. Zili ngati kumwetsa wodwala mankhwala a mnzake, mayi. Onse awiri akupwetekeka. Pali mawu ena a Loweruka, koma kaya mufuna kuwamva."

"Ikani."

Chete ankawerenga akusisima. Agogo ankakalipa. Ndiye chitseko chinalira, n'kumveka mawu a mwamuna amene Telala ankagona naye chipinda chimodzi: "Amayi, musamuliritse kwambiri, angakauze amake."

Basi. Mawu okhawo. Sanati siyani. Sanati mukutani. Nkhawa yawo inali yoti nkhani ingafike kwa amake.

Telala anatuluka panja kukalavula. Ananyansidwa ndi nkhalamba imene ankaichapira zovala ndi kuisokera madiresi a kutchalitchi. Ananyansidwa ndi mwamuna amene ankaonetsa anzake malipoti a Kabwana pafoni, akudziguguda pachifuwa kuti nzeru n'zakumtundu. Koma kuposa onsewo ananyansidwa ndi dzanja lake lomwe, limene linakoka khutu la mwana wosalakwa.

Madzulo dzuwa likadalipo anawapeza onse pabalaza. Bambo a Kabwana anali atangoweruka ku galaja, akadali mu ovolosi. Telala anauza ana kuti apite kuchipinda, anaika foni yake patebulo n'kutsegula mawu amene aphunzitsi anamutumizira.

Mawuwo anamveka mpaka kumapeto.

"Ndiye chachilendo n'chiyani?" anayamba apongozi, akukonza mpango wawo. "Mlongo kuthandiza mlongo wake ndi mlandu? Mdzukulu wanga ndi wamasiye. Ndikanamusiya azisekedwa, mwana wobwera ndi amake akumuposa m'nyumba ya bambo ake?"

"Mwamuthandiza chiyani, amayi? Mdzukulu wanuyo satha kuwerenga. Chaka chonse makina akhala akumupatsa ntchito ya Chete, yake yomuyenera sanaionepo. Mwamubera mwana wanga, wanuyo mwamupha m'maso."

"Usandiloze chala, iwe. Unabwera muno ndi kachikwama kamodzi."

"Ndituluka nako komweko, musade nkhawa." Telala anatembenukira kwa mwamuna wake. "Nanga inu? Makalata a aphunzitsi ali kuti?"

Bamboyo anazyolika, akupukuta manja amafuta pamaondo.

"Mayi a Chete, tiyeni tikambirane kuchipinda. Ine ndimafuna mtendere m'nyumba muno. Ndi amayi anga, ndikanatani?"

"Mukanatani? Munamumva mwana akulira. Munadziwa kuti ndi wanzeru. Ndiye m'mawa uno, m'kamwa muli tiyi wophika ine, mwandiuza kuti sukulu yamukanika. Mumafuna mumutumize kutali kuti nkhani ikwiririke, si choncho?"

"Sizinali choncho kwenikweni…"

"Ndiye akanapita, ntchito ya Kabwana akanamulembera ndani? Kapena mukanakhala pansi inuyo n'kumawerenga ndi mawu a kamwana?" Anaseka kuseka kowawa, misozi ikutsika. "Ndinkati ndakwatiwa ndi munthu wofatsa. Kani kufatsa kwina ndi mantha chabe. Mukundinyansa, bambo a Kabwana. Ndikanena kuti ndakwiya ndinama. Mukundinyansa."

Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Chete anali atakhala pabedi, manja ali pakati pa miyendo. Telala anagwada patsogolo pake.

"Bwanji sunandiuze, mwanawe?"

"Agogo anati ndikanena, ababa akuthamangitsani chifukwa cha ine."

Telala anamukumbatira mpaka mwanayo anadandaula kuti akumufinya.

"Undikhululukire za khutu lija. Sukupita kukalera khanda la munthu. Mawa upita kusukulu, ndipo aphunzitsi ati uyambira pamene pali pako penipeni."

Sanachedwe kulongedza. Zovala zake, mayunifomu a mwana, sizasi yake yaikulu. Kuseri kwa shopu kunali kachipinda kosungiramo nsalu, ndipo mphasa imodzi ikanakwanamo.

Atatuluka ndi chikwama anapeza Kabwana ataima pakhomo. M'manja anali ndi jumbo, momwe munali malaya awiri ndi nsapato imodzi.

"Amayi, nditengeni," anatero mnyamatayo. "Inenso ndikufuna kudziwa kuwerenga. Anzanga amandiseka. Ndikawauza agogo amati ndikhale chete, ndine bwana."

"Bwera kuno iwe!" anakuwa agogo ake, n'kumulanda jumboyo. "Amenewa si amako."

Telala anamva ngati amubaya. Mwanayu anamusambitsa, anamugoneka pamiyendo malungo atamugwira, ndipo sanamuonepo ngati wopeza. Koma analibe mphamvu yomutenga. Anawerama n'kumupukuta nkhope ndi chikhatho.

"Tamvera, mwana wanga. Aphunzitsi akuyambitsanso pa zilembo. Usachite manyazi, si iwe unalakwa. Ukadina chithunzi chako, uziyankha wekha, ngakhale ulakwitse. Wamva?"

Mnyamatayo anagwedeza mutu akulira.

Telala anadzuka n'kuyang'ana mwamuna wake. Anadikira. Akanangotulutsa liwu limodzi lolunjika kwa amayi ake, mwina chikwamacho chikanabwerera kuchipinda. Koma bamboyo ankayang'ana amayi ake, amayi akewo n'kumamutong'olera maso, ndipo iye anabweza maso ake pansi.

Telala anasenza chikwama, nagwira dzanja la Chete.

"Wanga ndamuchotsa m'manja mwa amayi anu," anatero ali pakhomo. "Wanuyo mumuchotse nokha, ngati ndinu bambo."

Anatseka chitseko, ndipo kulira kwa Kabwana kunawaperekeza mpaka kumsewu.