Mwendo wa Sokosi

Kamphepo anali mtsikana wosakhala pansi. Ankadya ataimirira. Ankawerenga akuyenda. N'chifukwa chake amayi anamutcha Kamphepo.

"Iwe, pampandopo pali minga?" amayi ankamufunsa.

Sabata imeneyo Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupulumutsa Sokosi.

Sokosi anali galu. Anali wakuda bii. Phazi limodzi lakutsogolo linali loyera mbee, ngati lavala sokosi.

Amayi ankagwira ntchito pachipatala cha ziweto. Ankasesa. Ankatsuka makola. Lolemba m'mawa anapeza galuyo m'ngalande. Galimoto inali itamugunda. Mwini wake sanadziwike.

Adokotala anamuyeza Sokosi. Kenako anapukusa mutu.

"Mwendo wakumbuyowu sungapolenso," anatero. "Tiyenera kuuchotsa. Ntchitoyo ndigwira ulere. Koma pakufunika ndalama za mankhwala. Pakufunikanso munthu woti amutenge. Zonsezi zipezeke pofika Loweruka masana."

"Nanga zikapanda kupezeka?" anafunsa Kamphepo.

Adokotala anavula magalasi.

"Sokosi akumva ululu kwambiri, mwana wanga. Sitingamusiye choncho. Tidzamugoneka, ndipo sadzadzukanso."

Kamphepo anatembenukira kwa amayi ake.

"Amayi, timutenge ife!"

"Eni nyumba salola galu," anatero amayi. "Mphaka salolanso. Iweyo akukulola mwachifundo chabe."

Kamphepo sanaseke. Anathamangira kunyumba. Anatenga mapepala. Anatenga makrayoni. Anayamba kujambula.

Anajambula mutu. Anajambula mchira. Atafika pa mwendo wovulala uja, anaima.

"Akauona, amukana," anaganiza choncho.

Ndiye anajambula miyendo inayi yamphamvu. Anajambula Sokosi akuthamangira mpira. Pansi pake analemba kuti: THANDIZANI SOKOSI. AKUFUNA POKHALA.

Pakona ya msewu panali bambo wosoka nsapato. Ana onse ankawaitana kuti Amalume a Nsapato. Ankakhala pabenchi tsiku lonse. Ndodo zawo ziwiri zoyendera zinkatsamira khoma.

"Amalume, mundibwerekeko guluu," anatero Kamphepo.

Amalume anamupatsa guluu. Anamupatsanso chitini chopanda kanthu choti azitoleramo ndalama. Kenako anayang'ana chithunzi chija nthawi yaitali.

"Galu wokongola bwanji! Amathamanga chonchi?"

"Kwambiri!" anayankha Kamphepo.

"Oho," anatero amalume. Anatenga nsapato n'kupitiriza kusoka.

Lachiwiri Kamphepo anathamanga. Anamata chithunzi apa. Anamata china apo. Analowa kwa bambo ometa tsitsi.

"Galu wonenepa chonchi, thandizo la chiyani?" anaseka ometa tsitsi. "Akundiposa ine amene!"

Lachitatu Kamphepo anathamanganso. Anapita kwa mayi ogulitsa tomato.

"Galu wosewera mpira?" anatero mayiwo. "Iii, mwanawe, ameneyu ali bwino. Tapatuka, ukuwatchinga makasitomala."

Kamphepo anagwedeza chitini. Munalira kandalama kamodzi. Kamenekonso anaponyamo amayi ake.

Lachinayi kuchipatala kunabwera bambo wa golosale. Ankafuna galu wolondera. Anasuzumira m'khola. Anayang'ana chithunzi. Anayang'ananso m'khola.

"Aaa, uyu si wa pachithunziyu," anatero. Anatuluka osatsanzika.

Kamphepo anayenda m'khonde. Anapita uko. Anabwerera. Anapitanso. Anabwereranso.

"Undichititsa chizungulire," anatero amayi. "Tabwera kuno."

Amayi anatsegula khola. Sokosi anali gone pa bulangeti. Mwendo unali wokulungidwa ndi bandeji. Sanathe kudzuka. Koma mchira unagunda pansi, pha, pha. Ananyambita chala cha Kamphepo.

Misozi inatsika m'masaya mwa Kamphepo.

"Amayi, ndinanama. Ndinajambula galu wina."

"Ndinaona," anatero amayi. "Unachita mantha. Inenso ndili ndi mantha. Koma wodwala ndi uyu. Jambula uyu."

Kamphepo anagwada pakhola pomwepo. Anajambula mutu. Anajambula mchira. Anafika pa mwendo uja. Koma sanaime. Anajambula bandeji. Anajambula maso otopa.

Pansi pake analemba kuti: SOKOSI WAVULALA. ATSALA NDI MIYENDO ITATU. SADZATHAMANGA KWAMBIRI.

Lachisanu Kamphepo anathamanga kuposa kale. Anachotsa zithunzi zakale. Anamata zatsopano.

Ometa tsitsi anazimitsa makina. "Kalanga ine! Bwanji sunanene?" Anaponya ndalama m'chitini. Amene ankametedwa anaponyamonso.

Mayi a tomato anagwira pakamwa. "Mayo, kagalu kachisoni!" Anamasula pansonga ya nsalu yawo. Anaitananso anzawo.

Chitini chinayamba kulemera. Koma kwa Amalume a Nsapato, Kamphepo sanapiteko. Ankachita manyazi. Paja anawanamiza maso ndi maso.

Madzulo adokotala anatsegula chitini. Anamwetulira.

"Za mankhwala zakwana. Nanga woti amutenge wapezeka?"

Kamphepo anayang'ana pansi. Sanapezeke.

Loweruka linafika. Kamphepo anaima pakhomo la chipatala. Anayang'ana kumtunda. Anayang'ana kumunsi. Palibe anabwera. Dzuwa linakwera. Palibe anabwerabe.

M'thumba mwake munali guluu wa eni. Anathamanga kukabweza.

"Zikomo, amalume," anatero mwachangu. Anatembenuka kuti athawe.

"Taima kaye, mphepo iwe. M'manjamo muli chiyani?"

Kamphepo anapereka chithunzi chomaliza. Amalume anachiyang'ana.

"Uyu ndi galu uti?"

"Ndi Sokosi yemwe uja. Ndinakunamizani, amalume. Pepani."

"Miyendo itatu?"

"Eya."

"Sathamanga?"

"Ayi."

Amalume anaika nsapato pansi.

"Mwanawe, wandichedwetsa sabata yathunthu! Ine ndakhala ndikufuna galu zaka zambiri. Pabenchi pano ndimasungulumwa. Nditaona wothamanga uja, ndinati si wanga. Ndingamutsatire bwanji ndi ndodozi? Koma uyu, uyu ndiye tigwirizana."

Kamphepo analumpha. "Tiyeni! Adokotala anati masana!"

Amalume anatenga ndodo zawo. Anayamba kuyenda. Ko, ko. Ko, ko.

Kamphepo anathamangira kutsogolo. Anabwerera. Anathamanganso. Anabwereranso.

"Fulumirani, amalume!"

"Uku ndiye kufulumira kwanga," anatero amalume. "Tsogola, ukawauze adikire."

Kamphepo anauluka. Anapeza adokotala ali pakhola la Sokosi.

"Dikirani! Akubwera! Womutenga akubwera!"

"Ali kuti?" anafunsa adokotala.

Onse anatchera khutu. Amayi anasiya kusesa. Patapita kanthawi, panja panamveka ko, ko. Ko, ko.

Amalume analowa thukuta lili kamukamu. Anawerama pakhola. Sokosi ananunkhiza ndodo. Mchira unagunda pansi, pha, pha.

"Galu wanga ndi ameneyu," anatero amalume. "Yambani ntchito, adokotala."

Tsiku lomwelo mwendo unachotsedwa. Sokosi anamwa mankhwala. Bala linapola pang'onopang'ono. Anaphunzira kuyenda ndi miyendo itatu. Amalume anamusokera lamba wa m'khosi.

Tsiku lina Kamphepo ndi amayi anapita pakona paja. Sokosi anali pansi pa benchi. Atawaona, anadzuka. Anabwera akudumphira, mchira uli m'mwamba.

Kamphepo anakhala pansi kuti amusisite. Sokosi anaika mutu pamiyendo pake. Anatseka maso. Anagona.

Amayi anacheza ndi amalume. Amalume anamaliza nsapato imodzi. Anamalizanso ina.

"Tiye tizipita," anatero amayi.

"Sindingadzuke," ananong'ona Kamphepo. "Ndimudzutsa."

Amayi anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana amayi.

"Taonani zodabwitsa," anatero amayi chapansipansi. "Kamphepo wanga wakhala pansi!"

Anayala nsalu, nawonso n'kukhala pambali pake.