Nyundo Yopanda Fumbi

Mtembo wa bambo Ermanno Cavedoni unapezeka Lachinayi nthawi ya 2:10 masana, antchito a pafakitale ya magalimoto ya Zanasi akubwera kuchokera kokadya. Unali chafufumimba pambali pa galimoto yatsopano, mutu uli pafupi ndi tayala lakutsogolo. Pofika 2:40, Inspekitala Ermes Gavioli anali atanjuta pamenepo, akumvetsera dokotala wa apolisi.

Gavioli anali atafufuza milandu mumzinda wa Modena kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo malemuwo ankawadziwa monga ankawadziwira aliyense wa kuderalo. A Cavedoni sankapanga magalimoto, sankagulitsanso. Ntchito yawo inali kuyang'ana, kukhudza, kuyendetsa, kenako kulemba. Akati galimoto iyi ndi yabwino, mtengo wake unkakwera tsiku lomwelo. Akapukusa mutu, anthu olemera ankatembenuka n'kumapita.

Dokotala anati munthuyo anamenyedwa kamodzi kokha kunkhongo ndi chitsulo cholemera cha nkhope yozungulira, pakati pa kota tu wani ndi hafu pasiti wani. Wotchi, foni ndi chikwama zinali m'malo mwake. Chimene chinamugwira maso Gavioli chinali mkono wamanja: malaya anali opindidwa mpaka pachigongono, ndipo chikhatho chinali chotuwa ngati cha munthu amene amakwecha mapoto.

Anaimirira n'kuiyang'ana galimotoyo. Dzina lake linali Averla. Inali yaifupi yosafika m'chiuno, ya mphuno yaitali ndi mipando iwiri, yosapakidwa utoto, aluminiyamu wake akungonyezimira. Gavioli, amene galimoto yake inkalira ngati chigayo, anaizungulira kawiri.

"Mwaikonda?" anafunsa dokotala. "Mukagulitsa nyumba yanu ndi yanga, atipatsa chitseko chimodzi."

Nthawi ya 3:15 anakhala pansi ndi mwini fakitale, mayi Loredana Zanasi, mu ofesi yawo ya m'mwamba. Mayiwo anafotokoza kuti ma Averla adzapangidwa makumi atatu okha padziko lonse, kuti apangapo asanu ndi anayi, ndipo imodzi inali pa mayuro miliyoni imodzi ndi theka. Loweruka ankayembekeza kuionetsa kwa ogula, n'chifukwa chake anaitana a Cavedoni kuti ayambe ndi iwo kuiona.

Gavioli anafunsa chimene munthu amalipirira mtengo wotere. Mayi Zanasi anati si injini, poti injini yamphamvu imapezeka kulikonse. Anthu ankalipira manja a bambo Dorando Bertacchini, mmisiri womaliza wosula thupi la galimoto ndi nyundo, popanda makina. Pansi pa boneti ya Averla iliyonse panali kachitsulo kolembedwa dzina lawo.

"Antchito akuti munakangana ndi malemu m'mawa uno."

"Tinakangana. Anati kumbuyo kwake n'kolemera ngati kwa bakha, ndipo nyali zake zili ngati maso a nsomba. Anatinso mtengo ndakweza kwambiri. Ndinawalalatira, inde. Koma Ermanno ndakhala ndikumulalatira zaka makumi awiri, ndipo sanafepo."

Anati anatuluka hafu pasiti thwelofu kupita kukadya ndi ogula awiri ochokera ku Zurich. Pofika 4:30 wapolisi amene anatumidwa kumalo odyerako anabwera ndi umboni: mayiwo anakhala patebulo mpaka 2 koloko, ndipo anthu asanu anawaona. Njira imeneyo inathera pomwepo.

M'chipinda cha galimotoyo munalibe kamera, poti Averla inali idakali yachinsinsi. Kamera ya pachipata inaonetsa kuti palibe mlendo amene analowa masanawo. Antchito onse anatuluka kupatula awiri amene ankadyera m'chipinda chosulira tsiku lililonse: a Dorando ndi mwana wawo wamkazi, Nives.

Gavioli anawapeza a Dorando atakhala pampando wathabwa, bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri, wa mapewa aakulu, manja onse ali m'thumba la epuloni. Analankhula motsitsa. Anati iwo ndi a Cavedoni anali pachinzake kwa zaka makumi anayi, ndipo dzina lawo linamveka kunja chifukwa cha zolemba za mnzawoyo. Atadya anaodzera pampando, sanamve kanthu. Nives, mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu amene m'mabuku a fakitale analembedwa kuti ndi wopukuta zitsulo, anati anali panja kuseri, akuwothera dzuwa yekha.

Gavioli atapereka cholembera kuti asaine zimene ananena, a Dorando anati magalasi awaiwala kunyumba, adzasaina mawa. Nives anasaina msanga, ndi dzanja lamanzere.

Lachisanu nthawi ya 8:30 m'mawa kupolisi kunafika mkazi wa malemu, mayi Iside Cavedoni, atavala zakuda. Anati amuna awo sankakonda kulemba pamanja. Ankalankhula pafoni n'kuwatumizira iwo mawuwo kuti awatayipe. Dzulo lake, chifukwa cha maliro, sanatsegule foni. M'mawa umenewo ndi pamene anapeza uthenga wa 12:52. Anaika foniyo patebulo, ndipo mawu a munthu wakufa anadzaza chipindacho.

"Iside, lemba izi. Kumbuyo sikunandisangalatse, ndipo sindisintha. Koma ndapisa dzanja mkati mwa madigadi, pamwamba pa tayala, kumene sapukuta. Nyundo iyi si ya Dorando. Nyundo ya Dorando ndimaidziwa ngati mawu ako. Mabala ake apa akupendekera kwina, ili ndi dzanja lamanzere. Ndipo Iside, chiyambire sindinakhudzepo ntchito yabwino chonchi. Mtengo uja ndi wochepa. Ndikalankhula naye kaye."

Mayiwo anafunsa kuti amuna awo ankati akalankhula ndi ndani. Gavioli anati nayenso akufuna kudziwa chomwecho.

Nthawi ya 10:15 Nives anali m'chipinda chofunsira mafunso. Sanavute. Anavomera kuti ma Averla onse asanu ndi anayi anasula ndi iye. Manja a bambo ake anayamba kunjenjemera zaka ziwiri zapitazo, atangosaina pangano la magalimotowo, ndipo tsopano sankatha ngakhale kumanga mabatani a malaya. Ankatseka chitseko cha chipinda chosulira, iye n'kumasula, bambo ake atakhala pampando akumvetsera kulira kwa nyundo. Alendo akabwera, iye ankatenga nsanza n'kumapukuta. Mayi Zanasi sanafunsepo chifukwa chimene chitsekocho chinkakhalira chotseka.

Gavioli anamuuza kuti a Cavedoni anatulukira chinsinsicho patatsala mphindi zochepa kuti aphedwe. Nives anayang'ana zikhatho zake zokakala.

"Ndine," anatero. "Ndinawapha ndine."

"Ndi chiyani?"

"Ndi sipanala."

"Munawamenya pati?"

"Pamutu. Pachipumi."

Gavioli sanalembe. Anangotenga foni ya mayi Iside n'kumuyatsira uthenga uja. Mawu atafika ponena za ntchito yabwino, Nives anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba kutsika. Zinaonekeratu kuti mawu amenewo ankawamva koyamba. Munthu amene a Cavedoni anakalankhula naye sanali iye.

Komabe kukayika si umboni. Gavioli anamusiya Nives m'manja mwa wapolisi wamkazi n'kubwerera kufakitale, ndipo 1:50 masana analowa yekha m'chipinda chosulira. A Dorando sanabwere kuntchito tsiku limenelo. Nyundo za Nives zinali patebulo, zogwirira zake zosalala ndi thukuta, koma akatswiri a apolisi anali atazipima kale dzulo lake osapezapo kanthu. Nyundo za bambo ake zinali zopachikidwa pakhoma, khumi ndi zinayi, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Palibe amene anazikhudza, poti zinkaoneka ngati zokongoletsa chabe.

Anayandikira. Iliyonse inali ndi fumbi la miyezi yambiri, ndipo pakati pa ziwiri kangaude anali atamanga. Anayendetsa chala pa yoyamba, yachiwiri, yachitatu, chala n'kumada. Yachisanu ndi chimodzi inalibe fumbi ngakhale pang'ono. Inali ya nkhope yozungulira, ndipo inkanunkha parafini.

Pofika 4 koloko akatswiri amene anawatumizira nyundoyo anaimba foni. Pamene mpini umalowera m'chitsulo panali magazi amene parafini sanafikepo.

Gavioli anawapeza a Dorando kunyumba kwawo, atavala jekete, atakhala pafupi ndi chitseko ngati munthu wodikira basi. Kupolisi anafika nawo 5:05. Gavioli anaika nyundoyo patebulo, ili m'pulasitiki, n'kuwauza kuti mwana wawo wavomera mlandu wakupha ndipo ali m'chipinda chinacho.

Kwa nthawi yoyamba bamboyo anatulutsa manja m'thumba n'kuwaika patebulo. Ankagwedera mpaka kapu ya madzi inayamba kulira.

"Mutulutseni mwanayo, bwana. Sadziwa kunama, n'chifukwa chake mwamugwira msanga."

Kenako anafotokoza zonse mwadongosolo, osafunsidwa kawiri. Itangokwana 1 koloko, Nives ali panja, a Cavedoni anasuzumira pakhomo n'kuwaitana kuti akaone chinthu. Iwo anatsitsa nyundo ija pakhoma n'kuiika m'thumba la epuloni, kuti aoneke ngati munthu amene wasiya ntchito pakati. Atafika pagalimoto, mnzawoyo anawagwira dzanja, analimva likunjenjemera, ndipo sanadabwe. Anati wadziwa zonse.

"Anali akumwetulira, bwana. Anati, 'Dorando, nkhalamba iwe, mwana wako wakuposa. Ndilemba dzina lake.'"

A Dorando anati anamuchonderera kuti adikire mpaka magalimoto onse makumi atatu atatha, kenako iwo adzapume mwaulemu. A Cavedoni anakana. Anati pa zaka makumi anayi sanalembepo bodza, ndipo sangayambe ndi kubisa mmisiri ngati ameneyu. Anati bambo wina aliyense akanavina. Atatero anawerama n'kupisanso dzanja mkati mwa madigadi, akuti, bwera umve wekha.

Gavioli anafunsa ngati ankaopa kuti ogula athawa, fakitale n'kugwa.

"Ayi. Ermanno anati mtengo udzakwera, ndipo sankalakwitsa pa zimenezo." Anayang'ana manja awo. "Matendawa ndinawalandira. Munthu amakalamba. Koma tsiku limene mwanayo anasula madigadi oyamba, ndinapisa dzanja monga anachitira Ermanno. Ndinadziwa pomwepo kuti ine, ngakhale ndili mnyamata, sindinafikepo pamenepo. Zaka ziwiri ndakhala pampando uja ndikumva. Sindinamuuze. Tsiku lililonse ndinkamupezera cholakwa. Ndinkati bola tikudziwa awiri, ine ndi chitsulo. Ndiye Ermanno ankati auze dziko lonse."

"Ndiye munawamenya."

"Dzanja ili silitha kufikitsa supuni pakamwa, bwana. Nthawi imene ija silinanjenjemere."

Anati anatsuka nyundoyo ndi parafini, kuipachika pamalo pake, n'kukhala pampando atatseka maso. Nives atalowa anamva fungo la parafini, anayang'ana pakhoma, koma sanafunse.

Gavioli analemba zonse n'kuwawerengera. Kusaina kunawatengera nthawi, ndipo dzina limene linatuluka papepalapo silinkawerengeka. Unyolo sanawamange.

Potuluka anakumana ndi Nives m'khonde, atangomasulidwa kumene. Bambo ndi mwana anaima moyang'anizana, wapolisi ali pakati. Gavioli anaganiza zowapititsa msanga, koma anadikira.

"Ababa," anatero Nives, "zimene ananena a Cavedoni zija, n'zoona?"

"N'zoona, mwanawe. Kuyambira tsiku loyamba."

Nives anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kupatuka kuti adutse. Sanawagwire dzanja.

Chionetsero cha Loweruka sichinachitike. Nkhani itamveka, ogula sanathawe. Ena anachita kuonjezera mtengo, ndipo mayi Zanasi anachotsa tizitsulo tonse tija pansi pa maboneti n'kuikapo tina ta dzina la Nives Bertacchini. Anapita kwa iye katatu kukamupempha kuti amalize magalimoto otsalawo, akumuuza kuti atchule yekha malipiro. Ulendo wachitatu anapeza nyumba yotseka. Gavioli anamva pambuyo pake kuti Nives akugwira ntchito pagalaja ina yaing'ono kumapiri, akuwongola mathirakitala a alimi, ndipo Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse amatsika kukaona bambo ake kundende.

Ma Averla anathera pa asanu ndi anayi.