Maikolofoni Imene Inkatsokomola Lamlungu

Makina odulira mitengo anayamba kulira pa Phiri la Zomba Lamlungu m'mawa, mabelu a matchalitchi akuitana anthu kumusi m'tauni.

A Saiti Stambuli, mlonda wa nkhalango ya paini, anathamangira kumene kunkachokera phokosolo. Sanafikeko. Amuna awiri obisa nkhope anawagwetsa pansi, nawamangirira kumtengo ndi chingwe cha nayiloni.

"Khalani phee, madala. Sitinabwerere magazi."

Mitengo inagwa. Lole inakwera, inadzaza, inatsika. Masana akazi awo, a Zuleka, amene amagulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera phiri, anadabwa kuti amuna awo sakubwera kudzadya. Anawalondola, nawapeza manja atatupa.

Lolemba m'mawa a Saiti anapita kupolisi kukanena zimene zinachitika. Sanabwereko.

Chimene chinawatsekeretsa chinali kabokosi. Kampani yamatabwa imene inkasamala nkhalangoyo inapachika kabokosi kachinsinsi pamwamba pa mtengo wina. Kankamvetsera. Pakapita kanthawi kankatumiza uthenga pa mafunde a wailesi kupita ku eriyo yolandirira mafundewo m'tauni, wonena kuti kuli bata kapena kuti makina akulira. Lamlungu lonselo kanangonena kuti kuli bata.

"Kabokosi sikanasiye kulankhula," anatero Sajeni Winston Mpaweni. "Ndiye kuti wina anakatsitsa mosamala, nakapititsa kutali ndi phokoso, kenako nakabwezera. Akudziwa mtengo umene kali ndani?"

"Ndine, bwana," anayankha a Saiti.

"Ndiye mwadziyankha nokha. Chingwe chija anakumangani nacho anzanu."

Amene anapanga kabokosiko anali Mayi Eva Nankhonya, mphunzitsi wa zamawailesi pa koleji ina m'tauni momwemo. Eriyo ija inali pa kolejipo, ndipo uthenga wa kabokosi unkafikira pa kompyuta yake. Lachiwiri a Zuleka anamupeza mu ofesi. A Zuleka anakana mpando.

"Amayi, makina anu akunamizira amuna anga."

Eva ankawadziwa bwino anthuwa. Ankagula zipatso kwa a Zuleka. Ankadziwanso kuti a Saiti ankalondera Lamlungu mwakufuna kwawo kuti anzawo achikhristu akapemphere, ndipo anzawowo ankawalonderera Lachisanu kuti iwo apite kumzikiti. Munthu wotere sangagulitse nkhalango. Koma mboni imene inkamutsutsa inali ntchito ya manja a Eva.

"Ndipatseni nthawi, a Zuleka. Mulungu sasiya wosalakwa m'dzenje."

"Sasiya ndithu. Koma m'chitokosi muli nsikidzi, amayi. Fulumirani."

Eva anatseka chitseko, napemphera mwachidule, natsegula laputopu. Pulogalamu yake inkasandutsa mafunde kukhala manambala, ndipo manambala a Lamlungu anali abwinobwino. Mwamwayi ankasunganso mafunde enieniwo, asanamasuliridwe, kuti azionetsa ophunzira ake. Anawatsegula. Anayang'anitsitsa. Anaimbira foni Sajeni Mpaweni.

Sajeni anafika akupukuta thukuta. "Mayi, ine za makompyuta ndi mlendo. Lankhulani ngati mukulankhula ndi mwana."

"Onani apa. Awa ndi mafunde a Loweruka. Akuoneka bwanji?"

"Ngati timapiri. Tozungulira pamwamba."

"Nanga awa a Lamlungu m'mawa?"

Sajeni anasendera pafupi. "Ngati njerwa."

"Eya. Kabokosi kamatumiza manambala pogunda mafunde, kugunda kumodzi nambala imodzi. Kugundako kukayamba mwadzidzidzi n'kutha mwadzidzidzi, phokoso lake limatayikira m'njira za mawailesi ena oyandikana nafe. Ndiye ndinalemba sefa m'pulogalamu. Imasalaza kugunda kulikonse kuti kukwere pang'onopang'ono n'kutsika pang'onopang'ono. Kabokosi kanga sikangatulutse njerwa, ngakhale mutakapititsa ku Malosa."

"Ndiye Lamlungu ankalankhula ndani?"

"Wina. Anzake anazimitsa kabokosi kenikeni kuphiri, iye n'kumatumiza uthenga wabodza m'malo mwake. Ndipo mafunde ake ndi amphamvu kwambiri. Ali pafupi, m'tauni mom'muno."

"Nanga kompyuta yanu inavomera bwanji?"

"Ndinaiphunzitsa kufunsa kuti nambala ndi yanji. Sindinaiphunzitse kufunsa kuti wanena ndani."

Sajeni anakanda m'mutu. "Mayi, njerwa zojambula sizingatulutse munthu m'chitokosi. Woweruza adzandiseka. Ndipatseni munthu, kapena nyumba."

Eva anali ndi dzina limodzi m'mtima, koma sanafune kuliponya popanda umboni. Zaka ziwiri zapitazo anali ndi wophunzira wochenjera, Douglas Makwinja, amene anamuthandiza kulemba pulogalamuyo ndi kupachika kabokosi. Douglas ankaseka sefa. Ankati ndi zokongoletsa, zongochedwetsa makina. Koma aliyense ankadziwa kuti Douglas anapita ku Joni. Pomaliza Eva analitchula dzinalo. Sajeni anafunsafunsa kwa abale ake, ndipo onse anati sanabwere.

Lachinayi madzulo Eva anapita kukaphunzira nyimbo ndi kwaya ya tchalitchi chawo ku Likangala. Mtima unali wolemera, koma anadziwa kuti nyimbo imapepuza katundu. Anapeza mtsogoleri wa kwaya, Mayi Rose, akukalipira maikolofoni yopanda waya.

"Taimvereni lero! Mawu ngati mngelo. Koma Lamlungu, anthu atadzaza, kho-kho-kho! Chifuwa chake chimadziwa kalendala."

Azimayi a kwaya anaseka. Mmodzi anati aipempherere. Wina anati aimwetse mandimu ndi uchi.

Eva sanaseke. Anali ataimva yekha Lamlungu, ali pamzere wachiwiri wa kwaya. Inkatsokomola katatu, n'kukhala chete, n'kutsokomolanso katatu.

"A Rose, nyimbo ya Lamlungu ija munajambula pa foni?"

"Ndinajambula, koma ndi yochititsa manyazi. Musatumizire munthu."

Eva anaika zojambulazo pa laputopu, pambali pa mafunde a njerwa aja. Paliponse pamene uthenga wabodza unatumizidwa, maikolofoni inatsokomola. Panalibe pamene zinasemphana. Maikolofoni yotsika mtengo ija inkagwiritsa ntchito njira ya mafunde yoyandikana ndi ya kabokosi, ndipo phokoso losasefedwa linkatayikira mwa iyo. Kuti lilowe mwamphamvu chotero, wotumizayo anayenera kukhala pafupi kwambiri ndi tchalitchi.

"Ambuye ndinu wabwino," anatero Eva chapansipansi.

"Nthawi zonse," anayankha Mayi Rose, osadziwa nkomwe chimene chachitika.

Lachisanu Sajeni anamvetsera zojambulazo kawiri. Kenako anamwetulira koyamba.

"Nyumba zozungulira tchalitchi chanu n'zambiri. Sindingaphwanye zitseko zonse. Koma kuphiri anasiya mulu wa mitengo yodula kale, ndipo mlonda ali kwa ife. Abweranso."

"Abwera Lamlungu," anatero Eva. "Akudziwa kuti tsiku limenelo sindiyang'ana kompyuta."

Lamlungu kunacha bwino, phiri lili mbee. Sajeni Mpaweni anakhala pa benchi yomaliza, atavala suti yomuthina. Apolisi ena anabisala m'tchire pa khona lina la msewu wotsika phiri. A Zuleka anayala masitiroberi awo monga mwa masiku onse, foni ili m'chitenje.

Pakati pa pemphero loyamba foni ya Sajeni inanjenjemera. Anali a Zuleka. Lole yakwera.

Kwaya inaimirira. Mayi Rose anakweza maikolofoni, nayamba nyimbo yoyamika. Ndime yoyamba inatha bwino. Pa ndime yachiwiri masipika anati kho-kho-kho!

Ana anaseka. Abusa anatsinzina. Mayi Rose anapitiriza kuimba molimba mtima, monga Eva anali atawapempha.

Eva anatuluka pa khomo la m'mbali, laputopu kudzanja limodzi, kaeriyo kudzanja linalo. Sajeni ndi wapolisi wina anamutsata. Akaloza kaeriyo kumsewu, njerwa pa laputopu zinkafupika. Akaloza kuseri kwa tchalitchi, zinkatalika. Anazungulira mpanda. Kuseriko kunali mdadada wa zipinda za lendi, ndipo pa chipinda chomaliza panali nsungwi yaitali, waya atakwera nayo mpaka pamwamba.

Sajeni anagogoda. "Odi!"

"Sindikugwira ntchito lero," anayankha mawu m'katimo.

Wapolisi anakankha chitseko ndi phewa. Pa tebulo panali laputopu ndi kabokosi kena kotsegula, mawaya ali panja. Mnyamata wandevu anadumpha kufuna kuzula waya, koma Sajeni anamugwira dzanja.

"Kasiye. Kakuimba bwino."

Eva anaima pakhomo. Ndevu sizinamusokoneze.

"Douglas. Ku Joni kuja ndi kuno?"

Douglas anayang'ana pansi. "Madamu, mwandipeza bwanji? Manambala onse anali olondola. Ndinawayesa kambirimbiri."

"Manambala anali olondola. Sefa unaisiya kuti?"

"Sefa? Uthenga umafika bwinobwino popanda sefa!"

"Umafika, inde. Sefa ija sindinailembere uthenga wathu, mwana wanga. Ndinailembera anansi."

Kuseri kwa mpanda kwaya inali pa ndime yomaliza, ndipo maikolofoni inatsokomolanso katatu. Douglas anatembenuka, namvetsera. Nkhope yake inagwa.

"Ndinasankha chipinda chino chifukwa chimayang'anizana ndi eriyo yanu," anatero. "Za tchalitchi sindinaziganizire."

"Ambiri amatero," anayankha Sajeni, akumuveka unyolo.

Nthawi yomweyo apolisi a kumsewu anaimitsa lole itadzaza mitengo. Dalaivala anakweza manja. Amuna awiri obisa nkhope aja anathawira m'tchire, koma mmodzi anakodwa mu minga ya mabulosi ndipo mnzakeyo anagwidwa ndi odula nkhuni pafupi ndi damu la Mulunguzi. Asanafike kupolisi anali atayamba kale kulozana zala.

A Saiti anatuluka m'chitokosi dzuwa lisanalowe. Sajeni anawagwira dzanja ndi manja awiri, nawapepesa pamaso pa akazi awo. Patapita mwezi khoti linagamula. Douglas anapatsidwa zaka zinayi akugwira ntchito yakalavulagaga, ndipo awiri amene anamanga mlonda anapatsidwa zaka zisanu ndi chimodzi. Eva anakonza pulogalamu yake kuti iziyang'ananso maonekedwe a mafunde. Sanasiye kumutchula Douglas m'mapemphero, ndipo Loweruka lina anamupititsira sopo ndi mabuku.

Lachinayi lotsatira chigamulocho, kwaya ikuphunzira nyimbo, kunamveka odi pakhomo la tchalitchi. Anali a Saiti ndi a Zuleka, atanyamula dengu la masitiroberi.

"Tabwera kudzathokoza mboni," anatero a Saiti. "Ili kuti?"

Mayi Rose anaibweretsa. Inali maikolofoni yakale, yomangidwa ndi tepi yakuda kumunsi.

A Saiti anailandira ndi manja awiri, naitembenuza uku ndi uku. "Kameneka?"

"Komweko. Komiti yagwirizana kuti tigule yatsopano, yabwino, yosatsokomola."

"Gulani ndithu, amayi," anatero a Saiti, akuibweza mosamala. "Koma iyi musaitaye. Ndipo ikadzayambanso chifuwa, musathamangire mankhwala. Muyambe mwandiimbira foni."