Mboni Imene Inatsala Pabenchi

Makina a pakhomo la khoti anayamba kulira okha usiku. Anali makina aja ooneka ngati felemu ya chitseko, amene munthu amadutsa pakati pake, ndipo akakhala ndi chitsulo m'thumba amalira kuti tswii, tswii, nyali yofiira n'kuyaka pamwamba. Masana ankalira mpaka kugonthetsa m'khutu, poti anthu salephera kubwera ndi makiyi ndi malamba. Koma usiku, geti lili chitsekere, nyumba yonse ili zii, analibe chifukwa cholirira.

Woyamba kuwamva anali mlonda wa usiku, mkulu wina wosakonda zoyankhulayankhula. Anapirira masiku angapo, kenako anakauza abwana kuti miyendo yayamba kumutupa, amupatse tchuthi. Kunabwera wamagetsi, n'kumasula makinawo, n'kupemerera fumbi, n'kunena kuti alibe vuto lililonse. Apo ndiye mphekesera zinayamba kuyenda. Amayi okolopa ankanong'onezana kuti ndi mzimu wa munthu amene anaweruzidwa molakwika kalekale. Womasulira, amene ankadzitama kuti sakhulupirira zoterezi, ankati ndi makoswe, ngakhale sanafotokozepo kuti khoswe amayenda ndi makiyi a nyumba yanji.

Ntchito ya usiku inagwera a Satifiketi. Dzinali anawapatsa ndi anzawo, chifukwa mwa alonda onse a pakhotipo ndi iwo okha amene anamaliza maphunziro a ulonda, ndipo pepala lake analiika mufelemu pamwamba pa tebulo lawo, n'kumalipukuta ndi mpango m'mawa uliwonse. Ankadziwa kusecha chikwama popanda kunyozetsa mwini wake, ankadziwa poima mkaidi akamatuluka m'chitokosi, ankadziwanso kutonthoza abale chigamulo chikawawa. Anali munthu wabwino ndithu, ndipo zimenezi ndikuzinena ndi mtima wonse. Kungoti lamulo ankalikonda ngati mwana wawo wachisamba.

Usiku woyamba anakhala pampando wawo pafupi ndi makinawo, tochi ili pamiyendo, akudzilimbitsa mtima kuti chilichonse cholira chili ndi waya wake. Magetsi a mumsewu anali atazima, kunja kuli bii, ndipo kutali kunkamveka galimoto imodziimodzi. Wotchi ya m'chipinda choweruziramo inkamveka kugunda ngakhale chitseko chinali chotseka. Tulo titangoyamba kuwaba, makina analira. Tswii, tswii. Nyali yofiira inawalitsa khoma, koma pakati pa felemupo panalibe munthu. Anaunika ndi tochi n'kuona simenti yokhayokha.

Atatsala pang'ono kudziseka okha, anamva china chimene mlonda uja sananene. Kho. Kenako phazi lokwekwereza pansi. Kho, phazi. Kho, phazi. Kunali kuyenda kwa munthu wa ndodo yachitsulo, ndodo imene mphira yake yakunsi inatha kalekale. Koma kuyendako sikunalowe mkati. Kunabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka pabenchi ya m'mbali mwa khomo, ndipo benchiyo inalira kuti kwee, monga imachitira munthu akakhalapo.

A Satifiketi anauma pampando. Ndodo imeneyo ankaidziwa.

Miyezi ingapo m'mbuyomo, tsiku lina la mvula yamkuntho, pakhomopo panafika mkulu wina wa imvi, mwendo umodzi uli m'mabandeji, akuyendera ndodo yachitsulo ya kuchipatala. Makina analira.

"Mwanangu, ndabwera kudzachitira umboni mwana wanga, wowotcherera zitsulo uja," anatero mkuluyo akupuma movutikira. "Akuti anathyola sitolo, chonsecho usiku umenewo anagona pansi pa bedi langa kuchipatala, akundisamalira."

"Ndamva, bambo, koma ndodoyi silowa," anayankha a Satifiketi mwaulemu. "Khalani pabenchipo, ndikubweretserani njinga."

Sananame. Lamulo linkati ndodo iliyonse izitsala pakhomo, chifukwa ina inaphwanyirapo woweruza magalasi, ndipo wosatha kuyenda azimutengera panjinga ya olumala ya khotilo. Koma njingayo inali yotsekeredwa m'chipinda cha katundu, makiyi ali ndi kalaliki, kalalikiyo atalowa kale m'khoti. A Satifiketi anaika ndodo ija m'kabati n'kunena mumtima kuti akawanong'oneza akalaliki posachedwa. Nthawi yomweyo galimoto ya akaidi inafika, abale a mbali ziwiri za mlandu wina anagwirana m'makolala, mayi wina n'kukomoka pamzere. Panalibe nkhanza, panalibe chiphuphu. Anangoiwala basi.

Mkati, ntchito yoitana mboni inali ya a Katatu, mkulu wa mawu aakulu amene anali atatsala pang'ono kupuma pantchito. Dongosolo la ntchito yawo linali lakuti dzina la mboni aziliitana katatu, koma m'malo atatu osiyana: koyamba pachitseko cha chipinda choweruziramo, kachiwiri pakati pa kolido, kachitatu pakhomo lakunja, pamene pali benchi ija, kuti pasapezeke wonena kuti sanaitanidwe. Tsiku limenelo mvula inkawomba mpaka m'kolido, denga likuchita phokoso, ndipo a Katatu anali atavala nsapato zatsopano. Anangosuzumira pachitseko, n'kuitana katatu konse ali pomwepo, n'kubwerera mkati.

"Mboni palibe, bwana," anauza woweruza.

Wowotcherera uja anamugamula kuti akakhale kundende zaka zingapo, n'kumutulutsira khomo lakumbuyo. Madzulo, potseka, a Satifiketi anapeza mkulu uja akadali pabenchi, jekete litanyowa mbali imodzi.

"Andiitana liti, mwanangu?" anafunsa.

A Satifiketi anatulutsa ndodo m'kabati, n'kuipereka ndi manja awiri, n'kunena chapansipansi kuti mlandu watha. Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anathokoza n'kutuluka pamvula, kho, kho. Sipanapite nthawi, zinamveka kuti anamwalira.

Zonsezi zinawabwerera a Satifiketi usiku umenewo, ndipo sanagonenso mpaka kunacha. Akutuluka pantchito anapeza mkazi wa wowotcherera uja akuwadikira panja pa geti. Sikanali koyamba kubwera.

"Bambo, ndabweranso," anatero mayiyo. "Apilo ija imvedwa sabata yamawa m'nyumba yomweyi. Aloya akuti m'mabuku analemba kuti mboni sinabwere, ndiye pakufunika munthu wa pakhoti pano woti anene kuti apongozi anga anafika. Akuti mutanena ngakhale lero, angathe kupempha belo kuti amuna anga apite kuchipatala. Akutsokomola magazi, bambo. Atsala mafupa okhaokha."

A Satifiketi anayang'ana pansi. Ankadziwa kuti mlonda wotsekereza mboni pakhomo kampani yawo ya alonda simusunga, ndipo pepala lija la mufelemu likhoza kusanduka lokulungira zinthu. Anaganizira ana awo a kusukulu.

"Mayi, pano pamadutsa anthu ambirimbiri. Sindingakumbukire aliyense."

Mayiyo sanakalipe. Anangokonza chikwama chake paphewa.

"Mukudziwa, apongozi anga anakutamani atafika kunyumba. Anati mlonda wake ndi waulemu kwambiri, anandipatsa pokhala."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa mbama. Anadziuza kuti aganiza kaye.

Usiku wotsatira makina analiranso, ndodo inagunda, benchi inati kwee. Usiku winawo panawonjezereka kupuma, kupuma kolemera kwa munthu wokalamba amene wayenda mtunda wautali. Kutacha amayi okolopa anapeza madzi atadikha pansi pa benchi, chonsecho mvula inali itasiya kalekale, ndipo anakana kukolopapo mpaka abwana atawaopseza. A Satifiketi anayamba kuwonda. Kunyumba ankangogwiragwira chakudya n'kuchisiya, akazi awo akafunsa n'kumati ndi ntchito ya usiku yosazolowera. Tsiku lililonse ankati mawa ndikaonana ndi loya uja, mawa likafika n'kupeza chifukwa china. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndiye usiku wina, makina atalira, benchi italira, mumdima muja munatuluka mawu. Sanali aukali. Anali mawu otopa, aulemu, ngati a munthu woopa kuvutitsa anzake.

"Andiitana liti, mwanangu?"

M'mawa mwake a Satifiketi sanapite kunyumba. Anadikira a Katatu n'kuwakokera kuseri kwa chitokosi, kumene kunalibe anthu, n'kuwafotokozera zonse monong'ona.

"Achimwene, musandilowetse m'zimenezo," anatero a Katatu, nawonso monong'ona. "Ine ndatsala pang'ono kupuma. Ndinaitana katatu monga mwa lamulo."

"Munaitanira pati, akulu?"

A Katatu anayang'ana nsapato zawo, zimene tsopano zinali zitayamba kung'ambika kumphuno.

"Kunali mvula," anatero. Kenako anapumira m'mwamba. "Mlandu suola, achimwene. Nanenso sindigona. Apilo ndi liti?"

"Mawa."

"Ndiye mawa tikanene tonse awiri, zivute zitani. Koma lero ndigona kuno. Munthu uja ndiyenera kumuitana bwinobwino."

Usiku umenewo anakhala awiri pakhomo. Mphepo inkaomba pang'onopang'ono, ikusuntha kapepala kena pabwalo, ndipo wotchi ya mkati inkagunda ngati ili pafupi. Makina atalira, a Katatu anagwira mkono wa mnzawo mwamphamvu. Kho, phazi. Kho, phazi. Benchi inati kwee.

A Satifiketi anaimirira. Anawerama n'kuzula waya wa makinawo kukhoma, nyali zake zonse n'kuzima, kenako anatembenukira kubenchi n'kuvula chipewa.

"Bambo, lowani nayo ndodoyo," anatero. "Pepani, ndinakuiwalani."

A Katatu anayenda mumdima mpaka pachitseko cha chipinda choweruziramo. Kumeneko anaitana dzina la mkulu uja ndi mawu awo onse, mpaka linamveka likubwerera m'makoma. Anafika pakati pa kolido n'kuitananso. Kenako anabwera pakhomo lakunja, n'kuima moyang'anizana ndi benchi, n'kuitana kachitatu, koma apa mawu awo anatuluka aang'ono ngati a munthu wolira.

Benchi inalira. Ndodo inagunda simenti. Chinthu chozizira, chonunkhira mvula, chinadutsa pakati pa amuna awiriwo, n'kudutsa pafelemu yozima ija, n'kulowa m'kolido. Kho, phazi, kho, phazi, kukucheperachepera, mpaka kutali kunamveka chitseko cha chipinda choweruziramo chikutseguka pang'onopang'ono. Kenako kunangoti zii.

Anadikira nthawi yaitali. A Katatu anapukuta nkhope ndi dzanja.

"Zatha," ananong'ona. "Walowa."

A Satifiketi anamva mtima wawo ukupepuka koyamba m'miyezi yonseyo. Anali atayamba kukonza mumtima mawu okanena mawa pamene chitseko chija chinaliranso. Ndodo inali kubwerera. Koma tsopano sinali yokha. Pambali pake pankamveka mapazi ena, opanda nsapato, oyenda mofooka, ndi kulira kwa unyolo wa m'manja kuti ngwere, ngwere. Chapakati pa kolido wina anatsokomola, chifuwa chouma chochokera pansi penipeni, ndipo ndodo inaima kaye ngati ikumudikira.

Anadutsa pafelemu paja onse awiri. Makina analira kawiri, nyali yofiira ikuwala pankhope za amuna aja, chonsecho waya wake unali m'manja mwa a Satifiketi. Geti silinatseguke, koma ndodo inamveka panja, ikupita mumsewu mpaka inasowa.

Kutacha a Satifiketi anasamba kumaso, n'kukonza yunifolomu yawo, n'kuima pageti. Anthu ankalowa, makina akulira monga mwa masiku onse, koma iwo maso anali kumsewu. Mayi uja anafika mochedwa, akuyenda ngati sakuona kumene akuponda, maso atatupa. A Satifiketi anamuthamangira.

"Mayi, ndakumbukira. Apongozi anu anabwera. Ndine ndinawakhazika pabenchi apo, ndine ndinawaiwala. Ndikanena zonse lero, ine ndi a Katatu."

Mayiyo anawayang'ana monga mmene mkulu uja anawayang'anira tsiku la mvula lija.

"Mukauza ndani, bambo?" anafunsa mofatsa. "Amuna anga atisiya usiku wathawu. Ndabwera kudzafuna aloya kuti andithandize kukatenga thupi."

Anawalambalala n'kudutsa pamakina. Makinawo sanalire, poti mayiyo analibe kanthu kalikonse m'manja.

Kuyambira tsiku limenelo makina aja sanalirenso usiku, ndipo abwana anamuyamikira kwambiri wamagetsi uja. A Katatu anapuma pantchito, phwando lowatsanzikira anakana. A Satifiketi akadali pakhomo pomwepo. Felemu ya pepala lawo ija anaitsitsa pakhoma popanda wowauza, ndipo pambali pa mpando wawo tsopano pamakhala njinga ya olumala, matayala ali opopa bwino. Anthu amawadandaula pa chinthu chimodzi chokha: mzere utalike bwanji, dzuwa liswe mtengo bwanji, salola munthu aliyense kukhala pabenchi ija.