Chithunzi cha Malemu Giuditta pa Okushoni

Khoma la m'chipinda chodyera linakhala mbee kwa milungu itatu, ndipo tsiku lililonse mayi Assunta ankaliyang'ana kaye asanayambe kudya.

"Kodi akuchitsuka ndi malovu chithunzicho, kuti chichedwe chonchi?" anafunsa mpongozi wawo Ornella.

"Amisiri a ku Genoa sathamanga, amayi," anayankha Ornella maso ali m'mbale.

Linali bodza lamkunkhuniza. Chithunzicho chinali cha doko la kwawo ku Camogli, chojambulidwa ndi penti wa mafuta: ngalawa za asodzi, nyumba zachikasu, nyanja ya Mediterranean ili phee. Anajambula ndi Giuditta, mkazi woyamba wa Fausto, mwamuna wa Ornella. Giudittayo anamwalira n'kusiya mwana mmodzi, Ilaria. Zaka zisanu ndi chimodzi Ornella anaphika, kuchapa ndi kulera mwana wa mnzake, koma mlendo aliyense ankayamba waonetsedwa luso la malemu asanalawe n'komwe chakudya cha wamoyo. Kuchita nsanje ndi womwalira n'kupusa, iyenso ankadziwa. Komabe nsanjeyo inamudya mpaka anakachipereka ku okushoni, kumene ogula amapikisana pa mtengo, kunyumba n'kunena kuti wakachitsukitsa.

Lamlungu masana Fausto analowa osapereka moni, n'kuponya kabuku patebulo pafupi ndi mbale ya pasita.

"Ometa tsitsi ndi amene andipatsa. Tauni yonse yakaona kale. Tsegula!"

Kanali kabuku ka katundu wa pa okushoni. Ornella sankadziwa kuti anthu a okushoni amachotsa chithunzi m'felemu n'kujambulanso kumbuyo kwake, kuti ogula aone kumene chachokera. Patsambalo panali doko lija, ndipo pambali pake panali mawu a dzanja la Giuditta, amene pepala lomata kumbuyo linabisa zaka zonsezi: "Kwa Ilaria, pa tsiku la ukwati wako. Ine sindidzakhalapo."

Ilaria anawerenga kawiri.

"Mawu a amayi anga ndiwaonere m'buku la malonda?" Anadzuka akulira n'kumenyetsa chitseko.

"Bambo a Ilaria, sindinkadziwa kuti kuli mawu..."

"Ukanadziwa ukanakweza mtengo?" Fausto anamenya tebulo. "Chithunzicho chikapanda kubwerera m'nyumba muno, iwenso usabwerere!"

Mayi Assunta anangochotsa mbale yawo n'kukadyera kukhitchini, ndipo zimenezo zinamupweteka Ornella kuposa kukalipa konse.

Lolemba Ornella anaimba foni ku ofesi ya okushoni ku Genoa. Mtsikana wa pa ofesi anamuuza mwaulemu woziziritsa thupi kuti anasaina yekha kuti katunduyo ndi wake, ndipo malonda ndi mawa. Choncho Lachiwiri anakwera sitima ya pamtunda, manyazi atamukwana ngati wavala diresi chakumbuyo.

Holo inali yodzaza ndi anthu onunkhira bwino, aliyense atagwira kathabwa ka nambala kokwezera mtengo. Amuna awiri ovala magolovesi oyera anabweretsa chithunzicho, timathabwa n'kuyamba kukwera m'mwamba. Wogulitsa atanyamula kanyundo kake kotsekera malonda, Ornella anaimirira.

"Imani! Chithunzicho si changa!"

Mitu yonse inatembenuka.

"Mayi, khalani pansi chonde," anatero wogulitsa.

"Sindikhala. Ndine ndinachibweretsa, ndipo ndinanama. Ndi cha mwana wamasiye, mwana wa mwamuna wanga. Ndinachiba pakhoma chifukwa cha nsanje." Misozi inayenderera mpaka pakhosi. "Ndimangeni ngati mukufuna, koma musachigulitse."

Mayi wina wa mikanda yodula anaseka chamumtima, anthu oyandikana ndi Ornella n'kusendeza mipando yawo. Wogulitsa anatula kanyundo, pakuti katundu wa mkangano sagulitsidwa, koma nkhope yake inali itafiira.

"Mawu a munthu wodzitcha yekha wabodza tingawakhulupirire bwanji? Alipo amene akumudziwa mayiyu?"

Ornella anagwetsa nkhope, akulakalaka pansi patang'ambika. Kenako kumbuyo kwenikweni mpando unalira, ndodo n'kugunda pansi. Anali mayi Assunta, atavala khoti lawo la kutchalitchi. Anali atakwera sitima yomweyo, chipinda china.

"Ndikumudziwa ine," anatero akuyenda pang'onopang'ono mpaka anamugwira mkono. "Ndi mpongozi wanga. Kuba anabadi, koma ndi wathu. Tikulungireni katunduyo, ana akutidikira kunyumba."