Nsapato Imodzi ya Ndaziona

Ndaziona anali ndi nsapato zakuda. Zinali zakale. Zinali zitatuwa kuti mbuu. Ndaziona ankafuna kuti ziwale.

Lamulungu ankayenera kuima kutsogolo m'tchalitchi. Ankayenera kunena vesi pamtima. Vesilo ankalidziwa bwino. Koma ana amaima pasitepe, ndipo aliyense amaona mapazi awo.

Bambo ake, a Paston, ankagwira ntchito ku Limbe. Ankagwira pafakitale yopanga polishi wa nsapato. Polishiyo dzina lake linali Walani. Koma kwawo ku Ndirande panalibe amene ankamutchula choncho. Polishi aliyense, kaya wachokera kuti, anthu amangoti kiwi.

"Si kiwi uyu, ndi Walani," a Paston ankatero.

Ankatero m'mawa. Ankatero madzulo. Anthu ankavomera ndi mutu, kenako n'kunenanso kuti kiwi.

Kuntchito kwa a Paston kunali zabwino ziwiri. Mwezi ukatha, aliyense ankalandira chitini cha polishi. Lachisanu likafika, aliyense ankabwera ndi nsapato za kunyumba. Ankaziyeserapo polishi watsopano mwaulere.

Lachisanu m'mawa Ndaziona anaika nsapato zake m'jumbo. Anapatsa bambo ake. Kusukulu anapita atavala patapata.

Madzulo bambo anabwera. Ndaziona anatsegula jumbo msangamsanga. Nsapato yakumanzere inali phuliphuli. Nsapato yakumanja inali mbuu, ngati kale.

A Paston anagwira kumutu. Anali ataiwala kumuuza. Kufakitale amapolisha nsapato imodzi yokha. Inayo amaisiya dala, kuti aone kusiyana kwake. Yotsalayo munthu amakamaliza yekha kunyumba.

Koma kunyumba kunalibe polishi. A Paston anali opatsa mopitirira. Chitini chilichonse chinkathera kwa aneba. Munthu wopanga polishi, m'nyumba mwake mopanda polishi!

Ndaziona mtima unamuwawa. Misozi inalengeza m'maso. Koma sanalire. Anayang'ana nsapato yowala. Anayang'ananso yotuwa.

"Zonse ziwiri ziwala, adadi," anatero.

Loweruka m'mawa Ndaziona anatenga jumbo lija. Anayamba kwa a Habib, atelala a pafupi ndi mpopi. Anaodira. Anafunsa ngati polishi wa bambo ake watsalako.

"Pepa mwanawe, kiwi anatha," anatero a Habib.

"Ndipatseni chitini chomwecho," anatero Ndaziona.

Chitinicho chinali chopanda kanthu. Koma m'mphepete munali kakuda pang'ono. Ndaziona anachiponya m'jumbo.

Anapita kwa mayi Annie, ogulitsa mandasi. Anaodira. Nawonso anati kiwi anatha. Ndaziona anapempha chitini chomwecho. Mayi Annie anaseka, koma anamupatsa ziwiri.

Anapita kwa a Stafford, alonda a pasukulu. Anaodira. Anaodiranso, chifukwa a Stafford amagona masana. Nawonso kiwi anatha. Nawonso anapereka chitini.

Dzuwa linatentha. Miyendo inatopa. Ndaziona sanabwerere. Anaodira khomo ndi khomo mpaka jumbo linayamba kulira kuti ngwerengwere.

Kunyumba anakhala pakhonde. Anandandalika zitini zonse. Anatenga kamtengo ka machesi. Anapala chitini choyamba. Anapala chachiwiri. Anapala chachitatu. Paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Atapala zonse, polishi anakwana ngati nyemba imodzi.

Ndaziona anapaka ndi kansanza. Anapaka kutsogolo. Anapaka m'mbali. Anapaka kuchidendene. Kenako anatenga burashi. Anapukuta, anapukuta. Dzanja litatopa, anasintha dzanja. Anapukutanso.

Ndiyeno anaika nsapato zonse ziwiri pamodzi. Anaitana bambo ake. A Paston anawerama. Ananyamula yakumanzere. Ananyamula yakumanja.

"Kodi tinapolisha ife ija ndi iti?" anafunsa.

Ndaziona anangoseka.

Lamulungu Ndaziona anakwera pasitepe. Anayang'ana pansi. Nsapato zonse ziwiri zinali phuliphuli. Anadzutsa mutu. Ananena vesi lonse osaphonya liwu.

Mapemphero atatha, mayi Daisy anamuimitsa panja. Iwo ndi amene amaphunzitsa ana mavesi.

"Wanena bwino, Ndaziona. Ndiye nsapato kuwala chonchi, wapaka kiwi wanji?"

A Paston anatsegula pakamwa. Koma Ndaziona anawatsogolera.

"Si kiwi uyu, amayi. Ndi Walani. Amapanga ndi adadi anga."

A Paston anatseka pakamwa. Kwa zaka zonsezi, aka kanali koyamba kumva wina akuwanenera mawuwo. Anasangalala mpaka m'maso munanyowa.

Anagwira dzanja la Ndaziona. Anauyamba wa kunyumba. Pamene panali fumbi lambiri, a Paston anamunyamula, kuti nsapato zonse ziwiri zikafike zikuwala.